Wotchi ya Agogo ndi Makapu Awiri

Kasingano ndi mtsikana wa mafunso. Dzina limeneli anam'patsa ndi Agogo.

"Iwe umalowa paliponse ngati singano," ankatero Agogo.

Kasingano anali ndi lonjezo limodzi. Ankafuna kulisunga. Koma sankalimvetsa.

Agogo anachokera kutali. Kutali kwambiri. Anakwera sitima. Anakwera basi. Anawoloka malire atatu. Kumsana anabereka Amayi, ali khanda. M'manja ananyamula wotchi.

"Bwanji simunanyamule bulangete?" anafunsa Kasingano tsiku lina.

"Bulangete ndikanagula kuno," anayankha Agogo. "Wotchi iyi ayi."

Agogo anali telala. Ankasoka masiketi. Ankasoka makatani. Ankasoka mayunifolomu a sukulu. Ndi makina osokera anamanga nyumba. Ndi makina omwewo analera ana asanu.

Mwana akabadwa, woyamba kumunyamula anali Agogo. Anthu akakangana, ankathamangira kwa Agogo. Agogo ankangowayang'ana pamwamba pa magalasi. Mkangano unkathera pomwepo.

Posoka ankayimba. Nyimbo zake zinali za chinenero china. Palibe ankazimva. Koma aliyense ankazikonda.

Wotchi ija inali pakhoma la pabalaza. Inali yamatabwa akuda. Inali ndi mivi iwiri. Inkayenda kuti kho, kho, kho. Ola likakwana, inkalira kuti ngoo!

Koma wotchi imeneyi inali yothamanga. Inkatsogola ndi maola awiri.

Aliyense m'nyumbamo ankadziwa chochita.

Wotchi ikati eyiti, chotsa awiri. Ndi sikisi.

Wotchi ikati teni, chotsa awiri. Ndi eyiti.

Amayi anakula akuchotsa awiri. Amalume anakula akuchotsa awiri. Kasingano anaphunzira kuchotsa awiri asanaphunzire kumanga nsapato.

Tsiku lililonse Agogo ankachita chinthu chachilendo. Wotchi ikati sikisi masana, ankaimitsa makina. Chotsa awiri, inali folo koloko. Ankatsegula zenera. Ankaika makapu awiri patebulo. Ankathira tiyi m'makapu onse awiri.

Kapu imodzi ankamwa. Kapu inayo sankaikhudza. Dzuwa linkalowa pazenera. Linkawala pa kapu ija mpaka tiyi atazizira.

"Kapu iyo ndi ya ndani?" ankafunsa Kasingano.

"Ndi chinsinsi, Kasingano."

"Ndi ya Agogo aamuna?"

"Iwo aja? Sankamwa tiyi. Ankati ndi madzi otentha odzikweza."

"Nanga ndi ya ndani?"

Agogo ankangomwetulira. Ankayang'ana kunja, kutali.

Kenako Agogo anadwala. Makina anakhala chete. Tsiku lina anaitana Kasingano. Anam'gwira dzanja.

"Wotchi ikati sikisi, uzitsegula zenera," anatero. "Makapu awiri. Usaiwale."

"Sindidzaiwala, Agogo. Koma chifukwa chiyani?"

Agogo anali atagona kale tulo. Patapita masiku ochepa, anamwalira.

Kasingano sanaiwale. Tsiku lililonse ankatsegula zenera. Tsiku lililonse ankaika makapu awiri. Amayi ankamuthirira tiyi. Kapu imodzi ankamwa. Kapu inayo inkazizira padzuwa.

Chaka chinatha.

"Loweruka abale onse abwera," anatero Amayi. "Tidzakumbukira Agogo."

Amalume anayamba kukonza m'nyumba. Amalume ndi dalaivala wa basi. Amakonda zinthu zowongoka. Lachiwiri madzulo anapukuta mazenera. Anasesa kuseri kwa kabati. Kenako anaima patsogolo pa wotchi.

"Alendo adzatiseka," anadziyankhulira okha. "Nyumba yonseyi, wotchi yabodza?"

Anakwera pampando. Anabweza mivi m'mbuyo. Ola limodzi. Maola awiri. Tsopano wotchi inkanena nthawi yoona.

Amalume sanauze munthu. Anapita kukasamba. Posamba anayimba. Poyimba anaiwala.

Lachitatu m'mawa wotchi inalira kasanu ndi katatu.

"Eyiti," anatero Amayi. "Chotsa awiri. Sikisi koloko. Dzukani!"

Kasingano anadzuka. Anasuzumira pazenera. Dzuwa linali m'mwamba. Msewu unali wodzaza. Wogulitsa buledi anali akubwerera kwawo, dengu lili lopanda kanthu.

"Amayi, dzuwa lapenga," anatero Kasingano.

"Dzuwa silipenga. Samba."

"Koma lafulumira."

"Lili ndi ulendo wake. Samba, iwe."

Amayi anatenga foni yawo. Foni inati eyiti. Anayang'ana pakhoma. Wotchi inati eyiti.

"Zikugwirizana?" anadabwa Amayi. "Ndiye kuti foni yawonongeka."

Amalume anatuluka kuchipinda akuyasamula. Anayang'ana wotchi.

"Chotsa awiri," anatero. "Nthawi ilipo. Ndithirireni tiyi wina."

Anamwa pang'onopang'ono. Anapukuta nsapato. Anapesa ndevu.

Tsiku limenelo aliyense anachedwa. Amayi anachedwa kuchipatala kumene amagwira ntchito. Amalume anapeza basi itapita ndi dalaivala wina. Kasingano analowa m'kalasi anzake akutuluka kokapuma.

"Takulandirani, bwana," anatero aphunzitsi. Ana onse anaseka.

Kasingano sanamvetse. Mutu unamuzungulira.

Pobwera kuchokera kuntchito, Amalume anaima pakhomo. Anayang'ana wotchi. Anadzimenya pachipumi kuti pha!

"Ndine!" anatero. "Ndinaikonza dzulo!"

"Unaikonza?" anafunsa Amayi. "Ndiye iwe wachedweranji?"

"Ndinachotsa awiri."

"Pa wotchi yokonza wekha?"

"Achemwali, mutuwu umachotsa wokha. Sundifunsa."

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Amalume nawonso anaseka. Koma Kasingano sanaseke.

Wotchi inkati folo. Dzuwa linali patebulo, pamalo pa kapu ija. Koma wotchi sinanene sikisi.

Kodi atsegule zenera? Kodi adikire?

Agogo anati, "Wotchi ikati sikisi." Choncho Kasingano anadikira.

Wotchi inati faifi. Dzuwa linachoka patebulo. Wotchi inati sikisi. Dzuwa linali litabisala kuseri kwa nyumba za anthu.

Kasingano anatsegula zenera. Kunalowa mphepo yozizira. Kunalowa udzudzu umodzi. Kapu ija inakhala mumthunzi. Inkaoneka yosungulumwa.

"Iyi si sikisi ya Agogo," ananong'ona Kasingano. "Nanga sikisi alipo angati?"

Lachinayi Kasingano anayamba kufunsa.

"Amayi, bwanji wotchi inkathamanga?"

"Kuti tisamachedwe kusukulu," anatero Amayi.

"Koma mumachotsa awiri."

"Eya."

"Ndiye inkathandiza chiyani?"

Amayi analoza pakhomo. "Kafunse amalume ako."

Kasingano anapita kwa Amalume.

"Inagwa m'sitima," anatero Amalume. "Inagunda mutu. Kuyambira pamenepo sinachire."

"Munaiona ikugwa?"

"Ndinali ndisanabadwe."

"Ndiye mwadziwa bwanji?"

"Iwe Kasingano, bwanji sukasewera?"

Kasingano anapita kwa Amayi a pafupi, ogulitsa mazira. Iwo anali mnzawo wa Agogo.

"Agogo ako anali munthu wachangu," anatero Amayi a mazira. "Wotchi inangotengera mwini wake."

Mayankho atatu. Onse osiyana. Kasingano anagwira mutu ndi manja awiri.

Tsiku limenelo anatsegula zenera kawiri. Anatsegula pa folo. Anatsegulanso pa sikisi. Anamwa tiyi kawiri. Mimba inati ndendende. Koma mtima sunakhale pansi.

"Mwina imodzi ndi yolakwa," anaganiza. "Mwina zonse ndi zolakwa."

Kunyumba zinthu zinasokonekera. Amayi anachotsa awiri, mphika unapserera. Amalume anaopa kuchedwa, ndiye anawonjezera awiri. Anafika kuntchito geti lisanatsegulidwe.

Lachisanu Kasingano anabwera kuchokera kusukulu. M'nyumba munali zii. Anatchera khutu. Panalibe kho, kho, kho.

Wotchi inali itaima.

Anazunguliza kiyi wa wotchi monga ankachitira Agogo. Wotchi inangoti chete. Anaigogoda pang'ono. Chete.

Tsopano panalibe folo. Panalibe sikisi. Wotchi sidzanenanso kanthu. Nanga lonjezo lija?

Misozi inatsika.

Amalume anam'peza ali choncho. Anavula chipewa. Anakanda m'mutu.

"Ndalakwa ndine," anatero. "Pukuta maso. Tiye nayo kwa wokonza mawotchi."

Anaikulunga m'nsalu ya Agogo. Amayi anati nawonso apita. Kasingano anainyamula m'manja, monga anainyamulira Agogo kalekale. Inali yolemera.

Anadutsa pa okonza njinga. Anadutsa pa ometa tsitsi. Analowa m'kanjira kopapatiza. Kumapeto kwake kunali kachitseko kobiriwira.

"Odi!" anatero Amalume.

M'katimo munali mawotchi okhaokha. Aakulu, aang'ono, ozungulira, aatali. Onse ankati kho, kho, kho. Pakati pawo panakhala bambo wokalamba. Pa diso limodzi anavala kagalasi.

Kasingano anamasula nsalu. Bambo uja anadzuka.

"Ha! Wotchi ya mayi wosoka!" anatero. "Ndimaidziwa ngati mwana wanga."

"Mumaidziwa?" anadabwa Amayi.

"Chaka chilichonse ankabwera nayo. Ndinkaipukuta. Ndinkaithira mafuta. Ndipo chaka chilichonse ankandiuza mawu omwewo. Musakhudze mivi."

Anayang'ana mivi. Anayang'ana Amalume.

"Waikhudza ndani?"

Amalume anayang'ana kudenga.

"Wotchi yakale saibweza m'mbuyo," anatero wokonza mawotchi. "Imakwiya."

"Koma inali yabodza," anatero Amalume motsitsa mawu.

"Inenso ndinkatero. Tsiku lina ndinati, mayi, wotchi yanu yathamanga. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, siyinathamange. Mwachedwa ndinu."

Kasingano anasendera pafupi.

"Ankatanthauza chiyani?"

"Bwera uone."

Pashelefu panali mpira wa mapu a dziko. Bambo uja anayatsa tochi. Anawalitsa mbali imodzi ya mpirawo. Anauzunguliza pang'onopang'ono.

"Tochiyi ndi dzuwa," anatero. "Taona. Silifika konse nthawi imodzi. Limayamba kwa awa. Kenako limafika kwa ife. Kwawo kwa agogo ako limafika msanga. Kuno ikamati folo, kumeneko ndi sikisi."

Amayi anagwira pakamwa. Amalume anakhala pampando osauzidwa.

"Ndiye wotchi sinali yabodza?" anafunsa Kasingano.

"Sinanamepo ndi tsiku limodzi lomwe. Inkanena nthawi ya kwawo."

"Zaka zonsezi!" anatero Amayi. "Ife kumangochotsa awiri. Osafunsa n'komwe."

Koma Kasingano anali ndi funso lina.

"Nanga kapu ija?"

"Za kapu sindidziwa," anatero wokonza mawotchi. "Ine ndi wa mawotchi. Koma kuseri kuno kuli kanthu. Ndimakaona chaka chilichonse. Sindinakatsegulepo. Si kanga."

Anatembenuza wotchi. Anamasula timisomali tiwiri. Kachitseko kakuseri kanati tsegu.

M'katimo munali kathumba kansalu. Kanali kosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Kusoka kwa Agogo!" anatero Kasingano.

Onse anasendera pafupi. Ngakhale mawotchi ankaoneka ngati akumvetsera.

Amayi anadula ulusi. Kasingano analowetsa zala ziwiri. Anatulutsa chithunzi chakale.

Pachithunzipo panali atsikana awiri. Anakhala pazenera. Aliyense anagwira kapu. Wamkulu anali ndi maso a Agogo. Wamng'ono ankaseka, dzino limodzi palibe.

"Awa ndi Agogo," anatero Kasingano. "Nanga uyu?"

Amayi anayang'anitsitsa. Maso anadzaza misozi.

"Ndi mng'ono wawo. Anatsala kwawo. Ankasamalira mayi awo odwala. Makalata ankabwera, kenako anasiya. Agogo ako sankafuna kukamba za iye. Akayamba, mawu ankawathera."

Kasingano anatembenuza chithunzi. Kuseri kunalibe mawu. Kunali zojambula za pensulo.

Panali zenera kumanzere. Panali zenera lina kumanja. Pakati panali mzere wautali, wautali. Pazenera lililonse panali makapu awiri. Pamwamba panali wotchi. Muvi wina unaloza kumwamba. Muvi wina unaloza pansi.

"Sikisi koloko," anatero Kasingano.

Anayang'ana zenera ili. Anayang'ana zenera ilo. Anawerenga makapu. Mutu unasiya kuzungulira.

"Ndamva!" anafuula. "Agogo sankamwa tiyi okha! Uku Agogo ankatsegula zenera. Uko mng'ono wawo ankatsegula zenera. Nthawi imodzi! Uyu ankathirira uyo. Uyo ankathirira uyu. Anapangana!"

"N'chifukwa chake mivi sinkakhudzidwa," anatero Amayi. "Ikanasuntha, akanaphonyana."

"Kodi akadali moyo?" anafunsa Kasingano.

"Sitikudziwa, mwanangu. Ngakhale Agogo sankadziwa."

"Koma ankathirabe tiyi?"

"Tsiku lililonse."

Wokonza mawotchi anavala kagalasi kake. Anatenga kapanira kakang'ono. Anakhudza apa. Anawongola apo. Anadontheza kadontho ka mafuta.

Kho.

Kho, kho.

Kho, kho, kho.

"Yadzuka," anatero. "Tsopano ndiuzeni. Ndiike nthawi iti? Ya kuno kapena ya kwawo?"

Amayi anayang'ana Amalume. Amalume anayang'ana Kasingano.

"Ya kwawo," anatero Kasingano. Kenako anakumbukira. "Koma Amalume, alendo adzatiseka."

"Aseke," anatero Amalume. "Wotchi yoona yandichedwetsa kamodzi. Yandifulumiza kamodzi. Yandikwana. Abambo, bwezerani awiri athu."

Wokonza mawotchi anayendetsa mivi kutsogolo. Ola limodzi. Maola awiri.

Loweruka abale anabwera. Anabwera ana onse asanu a Agogo. Anabwera adzukulu. Anabwera makanda. Anabwera Amayi a mazira. Anabweranso wokonza mawotchi, atavala tayi.

Ambiri anavala zovala zimene Agogo anasoka. Wina anakumbukira yunifolomu yake yoyamba. Inali yaikulu ngati tenti.

"Anati ndidzakuliramo," anatero. "Mpaka lero sindinakuliremo."

Onse anaseka. Wina anayamba nyimbo ya Agogo. Mawu ake palibe ankawadziwa. Anangoing'ung'udza.

Kenako wotchi inalira.

Ngoo! Ngoo! Ngoo! Ngoo! Ngoo! Ngoo!

Kasingano anaimirira. Anatsegula zenera. Dzuwa linalowa. Linagona patebulo, pamalo pake penipeni.

Anaika kapu yoyamba. Anaika kapu yachiwiri. Kenako anaima. Anaganiza.

Anathamangira kukabati. Anabwera ndi kapu yachitatu.

"Agogo anati awiri," anatero Amayi.

"Eya," anatero Kasingano. "Iyi ndi ya Agogo aang'ono a kutali. Iyi ndi ya Agogo. Awiri akwana. Yachitatuyi ndi yanga. Ndikufuna kukhala nawo."

Anaimika chithunzi chija pakati pa makapu. Anafotokozera abale onse. Anawaonetsa mazenera awiri. Anawaonetsa mzere wautali uja.

Amalume anafwenthera. Anati ndi fumbi.

Kenako aliyense anafuna kapu. Makapu anatha. Ena anamwera m'matambula. Amalume anamwera m'kabakuli.

Kasingano anakhala pafupi ndi zenera. Anayang'ana kunja, kutali. Mwina kutali kumeneko zenera lina linali lotsegula. Mwina gogo wina anali atathira makapu awiri.

Anakweza kapu yake pang'ono.

"Sindinaiwale, Agogo," ananong'ona.

Nthawi yomweyo mlendo wina anayang'ana pakhoma. Anali mkamwini watsopano. Anadzambatuka.

"Mayo! Sikisi yadutsa? Basi yandisiya!"

Amayi anatembenuka. Amalume anatembenuka. Kasingano anatembenuka. Nyumba yonse inayankha pamodzi.

"Chotsani awiri!"